Sabata ya loya wa milandu ya mabanja

Lolemba limathera pa mafunso. Loyamba kwa aliyense wofuna kusudzulana ndi lakuti: munakwatirana motani? Lamulo la maukwati la 2015 limavomereza ukwati wa kwa DC, wa kutchalitchi kapena kumzikiti, wa chinkhoswe, ndiponso wongolowana ngati anthuwo akhala limodzi zaka zosachepera 5. Yankho lake ndilo limasonyeza khothi loyenera: wa chinkhoswe umayambira kwa majisitireti, wa kwa DC ku High Court. Ukalakwitsa khomo, mlandu umabwezedwa, ndalama zolembetsera zapita.

Lachiwiri ndi Lachitatu ndi masiku a katundu, ndipo apa mpamene pali ntchito yeniyeni. Kuthetsa banjalo sikuvuta kwenikweni. Khothi limangofuna umboni woti banja lasweka moti silingakonzeke. Chovuta ndi nyumba. Gawo 24 la malamulo aakulu a dziko limati mayi alandire gawo loyenera la katundu amene anali wa onse awiri, koma silinena kuti theka. Choncho loya amafunsa: puloti linalembedwa dzina la ndani, malisiti a simenti ndi malata ali kuti, ngongole ya kubanki ankadula pa malipiro a yani, blue book ya galimoto ikuti chiyani. Ambiri amangoyankha kuti "tinkapangira limodzi". Mawu amenewo paokha salemera. Kope la banki mkhonde losonyeza kuti mayi anatenga ndalama mwezi umene denga linakhomedwa limaposa mboni zitatu zolumbira. Kumadera a chikamwini pamabweranso nkhani ya nyumba imene bambo ayenera kumangira mkazi kwawo.

Lachinayi kukhothi. Milandu yambiri imaimitsidwa chifukwa masamoni sanafike m'manja mwa mwini wake, kapena ankhoswe, amene majisitireti amafuna kuwamva, sanapeze thiransipoti. Pa za ana khothi limayang'ana ubwino wa mwana, osati amene analakwa m'banja. Popempha chithandizo cha mwana, loya amabwera ndi mndandanda wa fizi, chakudya, lendi ndi mankhwala, pamodzi ndi payslip ya bamboyo. Wa geni, wopanda payslip, ndiye amavuta kumuwerengera.

Lachisanu nthawi zambiri limasokonezedwa ndi nkhani ya nkhanza. Zikatero chisudzulo chimayamba chadikira: lipoti la kuchipatala, kalata ya ku Victim Support Unit ya apolisi, kenako pempho la chiletso pansi pa lamulo la 2006 loteteza anthu ku nkhanza za m'banja. Wopanda ndalama ya loya amalozeredwa ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma loimira osauka pa milandu, tsiku lomwelo.