Musanafunsire malo a PhD ya computational cognitive science

Pa maphunzirowa mumalemba pulogalamu ya pakompyuta yotsanzira mmene munthu amaphunzirira ndi kusankhira zinthu, kenako mumaiyerekeza ndi zimene anthu enieni anachita poyesedwa. Ku America, monga ku yunivesite ya MIT, PhD imatenga zaka 5 kapena 6, ndipo masukulu ambiri amasiya kulandira mafomu mu Disembala. Pamafunika makalata atatu okuchitirani umboni. Apempheni mu Okutobala, aphunzitsi amachedwa nawo.

Nkhani yagona pa masamu: probability, linear algebra ndi njira za Bayes. Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu, yokha sikwanira.

Ambiri amapunthwa apa: model (pulogalamu yotsanzira ija) ikagwirizana bwino ndi deta ya zimene anthu anachita, basi aikhulupirira. Musatero. Yambani mwapanga deta yongoyeserera ndi model yomweyo, pogwiritsa ntchito ma parameter (manambala oyendetsera model) amene mwasankha nokha, kenako onani ngati njira yanu ingawapezenso. Ikalephera, kawirikawiri ndiye kuti ma trial (maulendo amene munthu amayesedwa) achepa, kapena ma parameter awiri, monga learning rate (liwiro lophunzirira) ndi inverse temperature (mmene munthu amakakamirira chimene akuona kuti n'chabwino), akuphimbirana: ina ikakwera, inzake n'kutsika, zotsatira zimatuluka zofanana. Zikatero onjezani ma trial, kapena sinthani kayesedweko kuti awiriwo asiyanike.