Galimoto ya mawa ikafika ku Salima, funsani za batire kaye

Anthu akamakamba za galimoto za m'tsogolo amathamangira ku zodziyendetsa zokha. Zimenezo zimadalira makamera owerenga mizere ya pamsewu, ndipo pa M5, pomwe akabaza, mbuzi ndi ma Sienta zimalimbirana m'mphepete mwa phula lodyeka, tidikira nthawi yaitali. Chomwe chifike msanga kuno ndi galimoto yamagetsi, ndipo yambiri idzakhala yogwiritsidwapo kale ntchito ku Japan, monga momwe zinabwerera ma Vitz ndi ma Aqua.

Maonekedwe ake amachokera ku batire. Batire limayalidwa pansi ngati mphasa, pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo, choncho m'kati mumakhala mopanda chitunda cha giyabokisi ndipo mphuno imafupika. Mulibe mapulagi, fyuluta ya oyilo wa injini kapena ekizozi. Koma kulemera kumachuluka, matayala amatha msanga, ndipo chinthu chodula kwambiri pagalimoto yonse ndicho chomwe chayandikira miyala. Mukaona yokongola yotsika mimba, ganizirani msewu wa kumudzi kwanu mwezi wa February.

Mdani wamkulu kuno kunyanja ndi kutentha. Batire la lithium limakalamba msanga likamakhala lotentha, makamaka lili lodzaza. Nissan Leaf, yomwe inatuluka mu 2010 ndi batire la 24 kWh (muyeso wa magetsi omwe batire limasunga), ilibe madzi oziziritsira batire, imangodalira kuti lizizira lokha. Kuiimika padzuwa la October pa Kamuzu Road itatchajidwa mpaka 100% n'kupha batire pang'onopang'ono. Tchajani mpaka 80% pa maulendo a tsiku ndi tsiku, imikani pamthunzi, ndipo musaibaye tchaja yothamanga mutangofika kuchokera ulendo wautali batire likadali lotentha. Zatsopano zambiri zili ndi madzi ozungulira m'batire, ndipo mtundu wa batire wotchedwa LFP, womwe kampani ya galimoto ya ku China ya BYD imagwiritsa ntchito kwambiri, umapirira kutentha bwinoko. Galimoto ya mawa yoyenera kuno ndi imeneyo.

Pogula, makilomita a pa dashibodi asakunamizeni. Leaf imaonetsa thanzi la batire ndi timizere 12, ndipo koyamba kamazima thanzi likatsika kufika cha m'ma 85%. Kachipangizo ka OBD2, kolumikiza ku kompyuta ya galimoto, ndi pulogalamu ya LeafSpy pafoni zimakupatsani nambala yeniyeni. Tiwerengere limodzi. Batire la 24 kWh lomwe latsala ndi timizere 9 limasunga pafupifupi 15 kWh yogwiritsa ntchito, ndipo galimoto yotere imadya 15 mpaka 18 kWh pa makilomita 100. Kuchokera ku Salima kupita ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 100, okwera chitunda cha mamita oposa 500 kudzera ku Mvera, AC ili chiyatsire. Simufika. Pobwerera zimapepukako chifukwa mota imabweza magetsi m'batire potsetsereka, koma zimenezo sizithandiza munthu amene waima pa Chezi. Leaf ya 40 kWh, yomwe inayamba mu 2017, imakwera bwinobwino. Yaing'onoyo ndi yoyendera pakati pa tauni ndi Senga Bay basi.

Kutchaja kunyumba ndiko kumawotcha zinthu. Magetsi athu ndi a 230V, pomwe ku Japan ndi 100V ndi 200V, choncho werengani cholembedwa pa chingwe chomwe chabwera ndi galimoto musanachilowetse pakhoma. Soketi yathu yamano atatu ndi ya 13A, koma sinapangidwire kunyamula mphamvu yonseyo usiku wathunthu. Tsitsani tchaja pa 10A, zomwe zimapereka 2.3 kW: maola 7 kudzaza 15 kWh, pafupifupi maola 18 kudzaza batire la 40 kWh. Kokani waya wakewake kuchokera pa bokosi la magetsi, wa 2.5 mm² kapena kuposa, wokhala ndi buleka yake ndi waya wapansi wolumikizidwa bwino. Ekisitenshoni ya pamsika imasungunuka. Magetsi akamazimazima, maolawo onjezerani nokha.

Dzuwa ndiye tili nalo: ku Nanjoka kuli munda wa sola wa 60 MW womwe unatsegulidwa mu 2021, ndipo ku Nkhotakota kuli wina wa 21 MW. Koma mapanelo awiri a padenga owunikira nyumba sangadzaze galimoto. Kuti mupeze 10 kWh patsiku, yokwana makilomita 60, mukufunika mapanelo a 2.5 kW kapena kuposa, ndipo galimotoyo ikhale pakhomo masana.

Amakaniko, mawaya a mtundu wa olenji amanyamula mavoti 350 mpaka 400, si ogwira ndi sipanala wamba. Galimoto ikakana kuyaka, yambani ndi kabatire ka 12V, kakadalimo ndipo ndiko kamayatsa makompyuta onse. Pa ma Aqua omwe tili nawo kale, oyendera petulo ndi magetsi omwe, batire lalikulu lili pansi pa mpando wakumbuyo ndipo fani yake imakokera mpweya pomwepo. Fumbi likatseka pamenepo, kapena wina akatsamiritsapo thumba la mpunga wa Kilombero, batire limatentha n'kuyatsa nyali yochenjeza. Masulani chivindikirocho, pukutani fani ndi kasefa kake nyengo ya fumbi isanathe.