Mzere umodzi koma mwana thupi lili moto

Makolofe tili ndi kakhalidwe kena koseketsa. Kachipangizo kopimira malungo kaja, ka RDT, timakakhulupirira pokhapokha kakaonetsa mizere iwiri, kusonyeza kuti malungo alipo. Kakangoonetsa mzere umodzi basi kayamba bodza, kaya kanatha mphamvu, kaya wopimayo anatenga magazi ochepa, kaya malungo abisala, ndiye munthu amatuluka pachipatala nkhope itakwinya n'kudzera pa famase kukagula yekha mankhwala a malungo aja, LA.

Sindikuwaseka ayi, tinakula choncho. Kale mwana akangotentha thupi aliyense ankadziwa kuti ndi malungo, ngakhale adokotala, chifukwa maikolosikopu ankapezeka mzipatala zikuluzikulu ndipo amafuna magetsi komanso munthu wa ku labu wodziwa kuwerenga silaidi. Ndiye kunali kungopereka mankhwala. Kolokwini tinamwa mpaka anasiya kugwira ntchito, mu 1993 Malawi anakhala dziko loyamba mu Africa kumusiya n'kuyamba Fansida, Fansida nayenso anafooka, mu 2007 kunabwera LA. Mu 2010 a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO anati iyayi, muziyamba mwapima kaye musanapereke mankhwala a malungo, ndipo mu 2011 ma RDT anayamba kufika mzipatala zathu. Pano ngakhale alangizi a zaumoyo aja timawatchula ma HSA amapima nako ku vileji kiliniki.

Amene munaperekezapo mwana mukudziwa mmene zimakhalira. Apukuta kachala ndi thonje, abaya, mwana alira ngati wapwetekedwa zoopsa, atenga kadontho ka magazi n'kuika pa kabowo, timadontho ta madzi ake pa kabowo kena, alemba dzina ndi bopeni pa kapulasitikipo n'kukandanda patebulo ndi tinzake. Inu mukakhala pa benchi mphindi 15 kapena 20 mukutonthoza mwana. Mzere wa pa C umangosonyeza kuti kachipangizoko kagwira ntchito, wa pa T ndiye wa malungo. Pa C pakapanda mzere ndiye kuti kafa, ayenera kubwereza.

Chimene ambiri satiuza n'chakuti mizere iwiri ija, imene timaikondayo, ndi imene imathanso kusocheretsa. Ambiri mwa ma RDT amafufuza kanthu kotchedwa HRP2 kamene tizilombo ta malungo a falciparum timatulutsa, ndipo kanthu kameneka kamatsalira m'magazi masabata angapo ngakhale mwana atamwa LA wake bwinobwino n'kuchira. Ndiye mwana amene anadwala malungo sabata ziwiri zapitazo, lero wadwala chibayo, kachipangizo katha kuonetsabe mizere iwiri. N'chifukwa chake buku la kuchipatala lija osalisiya kunyumba, ndipo muziwauza adokotala kuti mwanayu wangomaliza kumene LA, musadikire kuti akufunseni, pa layini ya anthu ambiri chonchija nthawi yofunsa zonse sakhala nayo.

Tsono nkhani yanga yeniyeni ili pa mzere umodzi. Malungo palibe, chabwino, nanga n'chiyani? Apa ndi pamene zipatala zathu zimatsala manja lende. Kutentha thupi kumabwera ndi zambiri, chimfine wamba chimene chimatha chokha, chibayo, khutu, zilonda za pakhosi, matenda a m'njira ya mkodzo, taifodi, ngakhale matenda oumitsa khosi. Zambiri mwa izi pa helefu senta palibe kachipangizo ka mphindi 15 kozipimira. Kuti adziwe kachilombo kenikeni kali m'magazi pamafunika labu yaikulu ngati ya ku Queens ku Blantyre, ndipo zotsatira zimatenga masiku. Ndiye adokotala ali ndi mayi wayang'anitsitsa kuti apatsidwe kanthu, panja layini yafika pa mtengo wa mango, amangolemba amoxicillin kapena Bactrim kuti aliyense achoke mtima uli m'malo. Ofufuza m'maiko angapo anaona zomwezi, kuti ma RDT atabwera mankhwala a malungo operekedwa mwachisawawa anachepa koma ma antibayotiki anakwera. Ndipo izi sizopanda vuto. Ku Queens, mothandizana ndi ofufuza a Malawi-Liverpool-Wellcome, akhala akupima magazi a odwala kuyambira 1998, ndipo zimene apeza n'zakuti tizilombo tambiri sitikumvanso mankhwala amene tinawazolowera aja. Nkhani ya kolokwini ija tikuibwereza, kungoti pano ndi makapisozi.

Za taifodi ndiye ndisayambe n'komwe. Makiliniki ena olipira amakonda kukupimani Widal, n'kukuuzani kuti mwana ali ndi taifodi, jakisoni ndi bilu yake pompo, chonsecho akatswiri ananena kalekale kuti kupima kumeneku sikodalirika. Bola katemera wa taifodi anabwera mu 2023, amene ana anu sanabayitse kafunseni ku sikelo.

Koma pali kupima kwina kosafuna kachipangizo kalikonse, kuwerenga mmene mwana akupumira. Wachipatala wodziwa ntchito amavula mwana malaya n'kuwerenga kwa mphindi imodzi yathunthu mwanayo ali phee. Wa miyezi 2 mpaka 11 akafika 50 kapena kuposa, wa chaka chimodzi mpaka zaka zosakwana 5 akafika 40, chimenecho n'chizindikiro cha chibayo ndipo apo amoxicillin ndi woyenera. Ine ndikaona munthu akuchita zimenezi, kusuzumira kukhosi, kuona m'khutu, kugwira khosi, mtima umakhala pansi kuposa akangondilembera mankhwala asanamukhudze n'komwe mwana. Ndipo akanena kuti ndi chimfine, mpatseni panado ndi zakumwa zambiri mubwerenso ngati sizikusintha pakatha masiku awiri atatu, sikuti wakunyozani kapena akuumira mankhwala, yankho lenileni nthawi zambiri limakhala lomwelo.

Kungoti osagona tulo chifukwa cha mzere umodziwo. Mwana akukana kuyamwa kapena kumwa, akusanza chilichonse, wakomoka, wafooka moti sakudzuka bwino, nthiti zikulowa mkati akamapuma, khosi lauma, bwererani kuchipatala nthawi yomweyo kaya ndi usiku kaya munapimitsa m'mawa womwewo. Khanda losakwana miyezi iwiri likatentha thupi ndiye palibenso zodikira.

Kunja kuno kuli tizipangizo tina ta pa chala, monga ka CRP, tothandiza kuona ngati mwana akufunikadi antibayotiki, anatiyesapo ku Vietnam ndi ku Tanzania. Ine ndikanakonda titafika nako pa helefu senta ya kwathu. Koma tisanalote zimenezo, a unduna angoonetsetsa kaye kuti ka malungo komweka kasamathe, chifukwa tsiku limene amati "zopimira zatha" aliyense wotentha thupi amabwerera kwawo ndi LA m'thumba.