Mmene ndinachilira mwana woyamba nthawi ya nkhondo ku Angónia

Atsikana inu mwakhala mukundifunsa kuti amayi nthawi ya Matsanga, asilikali a Renamo aja, munkachira bwanji, ndiye ndifotokoze za ine mwini. Mimba yoyamba inali 1987, nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itafika povuta, kwathu kufupi ndi malire a Dedza.

Choyamba sikelo. Posto yathu, kachipatala kapafupi, inali itatsekedwa kale, a enfermeira, anamwino aja, anathawa mankhwala atabedwa, paja zipatala ndi masukulu ndi zomwe zinkayamba kuotchedwa. Ndiye sikelo inali ku vila basi, kutauni. Kunyamuka sikunali kungonyamuka ayi, umayamba kwa a sekeretaliyo, mlembi wa m'mudzi, akulembere guia de marcha, chilolezo choyendera, ukapanda kapepala kameneko a milisiya pa kontrolo akubweza ngakhale mimba ikuonekeratu. Tinkayenda gulu amayi okhaokha dzuwa litatuluka, mu kanjira kamodzi, uponde pomwe waponda mnzako chifukwa cha mabomba okwirira aja, wina akafuna kutaya madzi ankangonjuta panjira pomwepo ife tampatsa msana, kutchire ayi.

Kufika kuja anandiyeza thupi, BP, kuyeza mimba ndi tepi kenako kumvetsera mtima wa mwana ndi kachitsulo konga fanelo kaja. Anandibaya katemera wa kafumbata nkundiuza ndibwerenso pakatha mwezi, mapiritsi oonjezera magazi anali atatha tsiku limenelo. Sindinalipire kanthu. Ficha, khadi la sikelo lija, ndinkaikulunga mu pulasitiki nkuimanga m'chiuno, poti usiku mukathawa simutenga thumba.

A enfermeira atandiyang'ana msinkhu anati mwanawe ndiwe wamfupi komanso mimba ndi yoyamba, mwezi wa 9 ukangoyamba ubwere udzadikire pafupi. Ankadziwa kuti mwana akakanirira pamafunika opaleshoni, ndipo madokotala anali ochepa zedi chichokereni Apwitikizi mu 1975, nchifukwa chake boma linayamba kuphunzitsa ma técnico de cirurgia, anthu osakhala madokotala, mu 1984 oti azing'amba amayi m'maboma. Koma técnico uja umupeze bwanji usiku, ambulasi kulibe, ndipo magalimoto opita ku Tete ankayenda pa koluna, mdipiti woperekezedwa ndi asilikali. Anandiuzanso zoti ndisunge zikavuta, lezala yatsopano, ulusi wowiritsa, sopo, pulasitiki yoyala ndi makapulana oyera. Lezala ndi sopo bambo ake a mwana anakagula mbali ya Malawi atagulitsa mbatata ya kachewere, kwathu masitolo anali mashelefu okhaokha.

Kukadikira kuja sikunatheke, njira inaipa mwezi womwewo. Matenda anandiyamba usiku tili kudambo komwe tinkagona, poti m'nyumba tinali titasiya kugona. Apongozi anakadzutsa azamba, gogo wina wamanja olimba. Moto osayatsa. Ankagwira ntchito ndi manja okha komanso kuwala kwa mwezi, ine kapulana kukamwa kuti ndisakuwe. Apongozi anatulutsa mwanamphepo, mankhwala achikuda aja, kuti zifulumire, gogo anakana, anati amake mwana bwezani zimenezo, mimba yoyamba sathamangitsa, chiberekero chikang'ambika kuno tipita naye kuti. Mpaka lero ndimati gogo uja ankadziwa ntchito kuposa anthu ena ovala zoyera.

Mwana anabadwa tambala asanalire. Anamanga mchombo pawiri nkudula pakati ndi lezala ija, phulusa kapena ndowe osapaka, zinthu zimenezo zinapha makanda ambiri ndi kafumbata anthu nkumati ufiti. Atangolira anamuika kubere pompo, china kuti asamveke patali, china gogo anati kuyamwa kumathandiza nsengwa kutuluka ndi magazi kusiya, ndipo ankandisisita pamimba mpaka panauma gwa.

Za chikuta panalibe, ungabindikire bwanji nyumba ulibe. Mphamvu zitabwerera tinaoloka msewu wa Dedza kupita ku Ntcheu uja, umene mbali ina ndi Malawi ina ndi kwathu, mwana akalandire katemera wa BCG, wa chifuwa chachikulu uja, ndi wa poliyo. Tinapita ngati kukabaitsa koma tinakhala konko ngati othawa kwawo mpaka atasainirana mtendere ku Roma pa 4 Okutobala 1992, kubwerera kwenikweni chaka chotsatira. Khadi la sikelo la mwanayu ndi la Malawi, ndiye polembetsa cédula, chiphaso cha kubadwa, kuno zinatengera mboni za m'mudzi kuti avomere kuti anabadwira mbali ino ya msewu.