Datura: chitsamba cha padzala chomwe chimasokoneza mutu ndi kutseka mkodzo

Mvula ikagwa muno mu Blantyre, m'madzala, kuseri kwa makola ndi m'mapoloti osamangidwa mumamera chitsamba chofika m'chiuno, cha maluwa oyera kapena ofiirira, otalika ngati lipenga. Chipatso chake ndi chaminga, chofanana ndi cha nsatsi koma chachikulupo, ndipo chikauma chimang'ambika panayi n'kuonetsa njere zakuda zaphwatalala. Masamba ake mukawafikisa amanunkha moipa. A zomera amachitcha Datura stramonium. Chili ndi m'bale wake, Brugmansia, kamtengo ka maluwa akuluakulu olendewera komwe ena amabzala pakhomo pofuna kukongoletsa. Poizoni wake ndi yemweyo.

Achinyamata ena amamva kuti njere zake zimaonetsa zilubwelubwe, ndiye amayesa. Ndinene mosapsatira: pa zinthu zonse zozunguza bongo, ichi ndi chimodzi mwa zomwe sindingauze munthu kuti "mlingo wakuti ndi wabwino". Mlingo wotero palibe. M'chitsambachi muli atropine, hyoscyamine ndi scopolamine, ndipo kuchuluka kwake kumasiyana malinga ndi dothi, nyengo, msinkhu wa chomera, ngakhalenso pakati pa njere ndi tsamba la chitsamba chomwecho. Zomwe zinangomuumitsa kukhosi mnzanu dzana, inu zikhoza kukugonetsani kuchipatala cha Queens.

Mankhwala atatuwa amatchinga acetylcholine, yemwe amanyamula uthenga m'mitsempha kuti thupi litulutse malovu ndi thukuta, matumbo ayende, chikhodzodzo chifinye, mtima usathamange, ndiponso kuti ubongo usunge zimene zikuchitika. Uthengawo ukaduka, zonsezi zimaima. Pakatha mphindi 30 mpaka 60 m'kamwa mumauma gwa, moti kumeza kumavuta. Kakuda ka m'diso kamakula, kuwala kumathobwa m'maso, zilembo za pafoni siziwerengeka. Khungu limatentha koma louma, m'khwapa mopanda thukuta ngakhale pang'ono. Mtima umapitirira 100 pa mphindi, kawirikawiri kufika 120 kapena kuposa.

Msampha waukulu uli m'mimba. Popeza poizoniyu amachedwetsa matumbo, njere zimakhalitsa m'chifu ndipo mphamvu yake imalowa pang'onopang'ono. Munthu amaona ngati sizinagwire, n'kuwonjezera. Patapita maola angapo zonse zimam'gwera nthawi imodzi.

Tsono zilubwelubwe zake si zija anthu amakamba za mitundu yokongola. Womwa mankhwala otchedwa LSD kapena wodya bowa wozunguza bongo nthawi zambiri amadziwabe kuti zomwe akuona zikuchokera ku mankhwala. Wa Datura sadziwa. Amacheza ndi anthu omwe palibe, amatolatola zinthu pabulangete ndi m'malere, amasuta fodya yemwe kulibe n'kumamufufuza pansi akaganiza kuti wagwa, amavula zovala, amabwebweta mawu osamveka. Akhoza kutuluka usiku n'kulowa mu Chipembere Highway akuganiza kuti akupita kubafa. Izi zimatenga maola 24 mpaka 48, nthawi zina kuposerapo, ndipo akatsitsimuka sakumbuka zambiri. Maso amatha kukhala osaona bwino zapafupi kwa masiku angapo.

N'chifukwa chake malangizo ochepetsa ngozi pano ndi a amene ali pambali, chifukwa wodwalayo sangadzithandize. Choyamba musam'siye yekha, ngakhale mphindi zisanu. Chotsani mpeni, mbaula, makiyi a galimoto, ndipo tsekani chitseko cha kumsewu. M'chipinda mukhale kuwala kochepa, wailesi izime, alankhule munthu mmodzi yekha, modekha, akumutchula dzina ndi kumuuza komwe ali. Kukangana naye kuti "palibe munthu apo" n'kutaya nthawi, kumangomuwonjezera mantha.

Kutentha thupi kumatha kupha, makamaka m'miyezi ngati Okutobala pansi pa denga la malata. Thupi lake lasiya kutuluka thukuta, ndiye mum'pangire inuyo: m'vuleni zokhuthala, m'nyowetseni khungu ndi nsalu ya madzi, makamaka m'khosi, m'khwapa ndi m'mphechepeche, kwinaku mukumupepeza. Panado sathandiza apa, chifukwa kutenthaku sikochokera ku matenda. Ndipo chonde, zingwe ayi. Ndikudziwa kuti kwathu kuno munthu akayamba kulusa timathamangira kum'manga, koma womangidwa amalimbana ndi chingwe, thupi limatentheratu, minofu imaphwanyika ndipo zinyalala zake zimakawononga impso.

Mkaka, mafuta ophikira, madzi amchere, chala kukhosi: zonsezi zilekeni. Munthu wosokonezeka mutu sameza bwino, masanzi amatha kulowa m'mapapo. Ngati ali maso ndipo akumeza yekha, timadzi pang'onopang'ono tikwanira. Akagona tulo tosadzutsika, m'gonekeni chammbali, bondo lakumwamba lopinda, nkhope yoyang'ana pansi pang'ono.

Cholakwika china chomwe chimaoneka ngati chifundo ndi kum'patsa mapiritsi oti agone. Piriton, promethazine, amitriptyline, chlorpromazine ndi Artane onse amatchinga acetylcholine yemweyo, ndiye mukuthira poizoni pamwamba pa poizoni. Artane payekha, akamwedwa mopyola muyeso, amabweretsa chithunzi chofanana ndi chomwe ndafotokozachi, ndipo chithandizo choyamba ndi chomwechi. Kachasu naye amaonjezera kusokonezeka ndi chiopsezo chotsamwa.

Kodi n'kupita liti kuchipatala? Kwa ine, aliyense amene wayamba kubwebweta atadya chitsambachi apite, osadikira kuti kuche. Koma ngati thupi lafika madigiri 39, wagwa ngati wakhunyu, sakudzuka, mtima ukudumphadumpha, kapena patha maola 6 mpaka 8 osakodza ndipo pansi pa mchombo patupa n'kulimba, thamangani. Mwana akangodya, ngakhale akuoneka bwino, thamangani. Pezani galimoto, akhale kumbuyo pakati pa anthu awiri. Pa kabaza adzadumpha. Ku Queen Elizabeth Central Hospital kuli mbali yolandira odwala mwadzidzidzi, ya akulu payokha, ya ana payokha. Tengani nthambi kapena chipatsocho m'jumbo, ndipo nenani zoona: anadya chiyani, nthawi yanji, anasakaniza ndi chiyani. Manyazi a pabanja asakutsekeni pakamwa, chifukwa dokotala akapanda kudziwa akhoza kuganiza za misala n'kupereka mankhwala omwe angaipitse zinthu.

Kuchipatala amaika diripi, amaziziritsa thupi, amabaya diazepam kuti akhazikike ndi kuletsa kukomoka, amaika kapaipi kotulutsa mkodzo, ndipo amayang'anira mtima. Pali mankhwala otchedwa physostigmine omwe amabweza mphamvu ya poizoniyu, koma amaperekedwa ndi dokotala yekha mtima ukuyang'aniridwa, ndipo sapezeka paliponse. Ayezanso malungo ndi shuga, chifukwa malungo a muubongo, matenda oumitsa khosi (meningitis) ndi kutsika kwa shuga zimasokoneza mutu mofananamo. Ambiri ofika msanga amachira bwinobwino.

Si onse amadya dala. M'chaka cha 2019 ku Karamoja m'dziko la Uganda, anthu oposa 200 anadwala ndipo asanu anamwalira atadya phala la ufa wothandizira omwe munalowa njere za Datura. Pakhomo zimachitikanso: masamba anthete amasakanikira ndi bonongwe pothyola ndiwo, njere zimalowa m'soya kapena mapira pokolola. Banja lonse likayamba kubwebweta litangodya nkhomaliro, yang'anani mumphika musanaganize za ufiti, ndipo sungani zotsalazo mukaonetse kuchipatala.

Chikamera pakhomo, chizuleni ndi mizu chisanabereke, mutavala magolovesi kapena majumbo m'manja. Musatikite m'maso musanasambe ndi sopo, chifukwa madzi ake akalowa m'diso limodzi amakulitsa kakuda ka diso limenelo lokha kwa masiku angapo. Musachitenthe pomwe anthu angapume utsi wake, ndipo zipatso zouma zikwirireni mozama, poti njere zake zimakhala m'dothi zaka zambiri zikudikira mvula.