Chikhadabo changa chinatsala ku Aswan

Ku Aswan, kum'mwera kwa Egypt, kuli malo amene anthu akale ankasemako miyala ya granite. Pamenepo pagona chipilala chimene sanachimalize, chotalika pafupifupi mamita 42, ndipo akanachidzutsa chikanalemera matani oposa 1,000. Chinachita mng'alu chisanachoke pathanthwe, amisiri n'kuchisiya pomwepo. Ambiri amati inali ntchito ya mfumukazi Hatshepsut.

Ine ndinafikako mu June, dzuwa lili paliwombo, nditavala patapata. Anzeru amapita m'mamawa atavala nsapato zotseka, chifukwa masana kumatentha kupitirira madigiri 40 ndipo pathanthwepo palibe mthunzi.

Wotiperekeza anatilozera ngalande yozungulira chipilalacho, yopapatiza moti munthu amangokwanamo atanjuta. Anati sanaikumbe ndi chitsulo, anaigogoda ndi miyala yobulungira ya dolerite, yolimba kuposa granite. Mpake pansi pake pali timaenje tondondozana ngati munthu wapala ndi chipande. Atatero anandipatsa umodzi, waukulu ngati papaya, wolemera makilogalamu ngati 5, kuti ndiyesere pamwala wina wapambali.

Kagwiridwe kake nkaka: umanjuta, n'kugwira ndi manja awiri, n'kuukweza pang'ono, n'kuusiya ugwe ndi kulemera kwake. Ukanjanja umauwakha. Granite sasweka ayi, amangonyenyeka n'kusanduka ufa, ndiye umasesa ufawo kuti mwala uzimenya pathanthwe penipeni.

"Bwana, musaike mphamvu," anatero.

Ine mwana wokulira pamtondo andiuze zimenezo? Ndinaimirira, n'kutang'adza, n'kuukweza mpaka pamutu ngati munsi. Phwaa! Thanthwe si chimanga choviika. Mwalawo unandipulumuka, unanjanjira chammbali, n'kutera ndendende pachala chachikulu cha phazi lamanzere.

Sindinalire, poti panali alendo ena. Ndinangoti ndikhale pansi mwaulemu ndione chalacho. Apo ndiye ndinaiwala kuti granite wakhala akumwa dzuwa kuyambira m'mawa. Buluku langa linali lopyapyala. Ndinadzambatuka ngati ndakhalira mbaula, phazi limodzi m'mwamba, dzanja lina kumbuyo, ndikuzungulira ngati wavina manganje. Lamba wa patapata nayenso anasankha nthawi yomweyo kuduka.

Mayi a kunyumba, amene ndinawapatsa foni kuti ajambule mphamvu za mwamuna wawo, sanaphonye kalikonse.

"Abambo, bwerezaninso, poyamba paja munatuluka m'chithunzi," anatero akupukuta misozi ya phwete.

Wotiperekeza uja anawerama, n'kupukusa ndi chala pamene ndinamenyapo. Kaufa kake sikakanadzaza ngakhale kansonga ka supuni ya tiyi. Anandionetsa osanena kanthu, kenako n'kuyang'ana mamita 42 aja.

Njira yotulukira imadutsa pakati pa ogulitsa zikumbutso. Ndinadutsamo chotsimphina, patapata mmodzi ali m'manja, ndipo wina anayesa kundigulitsa kachipilala kamwala kokwana m'thumba. Ndinagula nsapato. Chikhadabo chinada tsiku lomwelo, n'kuthothoka tisananyamuke ku Aswan.