Ankhoswe ndi Makoswe

Banjo yanga yoyamba ndinaipanga mu 1975 ndili ndi zaka 9, ndipo inandidyetsa zikoti zisanu ndi chimodzi. Chigubu cha mafuta ophikira ndinachitola kudzala, mtengo ndinasema ndekha, koma mawaya ndinakasolola ku mabuleki a njinga ya atate. Iwo anadziwa za umbavawu ali pakati pa mtsetse wa ku Kanjala muno mu Chipata, thumba la ufa lili pakaliyala. Anafika madzulo akutsimphina, ufa uli mbuu mpaka m'nsidze, n'kundipeza ndili pakhonde ndikukhwatcha mabuleki awo. Mpaka lero ndikagwira waya wachitatu, kumatako kumachita kukumbukira.

Zikotizo sizinandichiritse. Zaka zimenezo a Kaunda anali atalamula kuti wailesi iziika kwambiri nyimbo za kwathu kuno, ndiye mnyamata aliyense wokhala ndi chigubu ankadziona kuti mawa amveka pa wailesi. Anzanga anakula n'kusiya. Ine ndinakula, ndinaphunzitsa sukulu zaka 30, ndinakwatira, ndinabereka, ndinameta mpala wosafuna lumo, koma kuimba sindinasiye. Gitala ndili nayo, kalimba ndili nayo, ndipo kwaya ya kutchalitchi ndinailowa ndisanamere ndevu. Kunena mosapsatira, chimene Mulungu anandipatsa chambiri ndi khama. Mawu anangondinyenyerako. Mkulu wa kwaya anandiuza chaka china kuti, "APhiri, mawu anu ndi amphamvu, muziima kumbuyo kuti muzitichirikiza." Chaka chilichonse ankandisunthira kumbuyo mzere umodzi, kufikira ndinapezeka ndili pafupi ndi chitseko, ndipo anandipatsa udindo wotseka mphepo ikamalowa.

Koma chuma changa chenicheni ndi babatoni. Ndinaipanga mu 1987, nyimbo za kalindula zitagwira dziko lonse la Zambia. Ana a masiku ano babatoni saidziwa, ndiye ndifotokoze. Mumadula mgolo pakati, n'kukuta kukamwa kwake ndi chikumba cha ng'ombe monga ng'oma. Mumalowetsa mtengo wautali kuposa munthu, n'kukokapo chingwe chokhuthala kuchokera kunsonga mpaka pachikumba. Woimba amaigoneka pansi n'kuikhalira, dzanja lina likumenya chingwe ndi kamtengo, lina likuyendetsa botolo pachingwepo kuti mawu akwere kapena atsike. Pambali pa mgolo ndinaboola dzenje loti chibakera n'kulowa, lotulukira mawu. Ikalira imati duu, duu, mpaka mbale za m'kabati zimayankha.

Mbale zimenezo ndi zomwe zinandigulitsa. Mu 2013, chaka chomwe kwacha inachotsedwa maziro atatu, amayi akunyumba anachotsanso babatoni m'nyumba. Anati m'banja muno mukhale iwo kapena mgolo. Ndinaganiza masiku awiri, zomwe amandikumbutsa mpaka pano, kenako ndinaipititsa kumunda kwathu cha kumsewu wa ku Chadiza, m'kanyumba momwe timasungira nshawa za chalimbana. Kumeneko ndinkaimbira akhwangwala Loweruka lililonse, ndipo sanadandaulepo.

Tsono mu Seputembala 2024 mwana wa mlongo wanga anapeza banja. Mnyamata wake ndi wa ku Mansa, m'chigawo cha Luapula. Pamenepa pali zinthu ziwiri zomwe zinandisowetsa tulo. Choyamba, ku Luapula ndiko kwawo kwa kalindula, ndiye ndinaona kuti mwayi wafika woti eni nyimbo amve kuti kuno kum'mawa kulinso amuna. Chachiwiri ndi chimbuya. Ife ndi anthu olankhula Chibemba sitilonjerana popanda chipongwe. Iwo amati ndife odya mbewa, ife timati ndi odya anyani, ndipo ngakhale pamaliro amatipaka ufa kumaso n'kutilipiritsa, ife n'kudikira maliro a kwawo kuti tikabweze. Wokwiya ndiye waluza. Ine monga mtsibweni wa mkwatibwi ndinali nkhoswe, munthu woyenera kukhala patebulo lapamwamba atavala jekete, osapatsa adaniwo pogwira.

Ku komiti ya ukwati ndinapempha mphindi zisanu zokha zoti ndiimbe. Anayang'anana. Mlongo wanga anati DJ walipidwa kale ndipo pulogalamu yadzaza. Ndinavomera ndi pakamwa, koma nyimbo ndinapeka ndithu, ya malangizo kwa mkwatibwi, yomuuza kuti pakhomo pa mkazi wabwino mlendo sagogoda kawiri. Kolasi yake inkati: "Tsegula, mwana'nga, tsegula, alendo ako atuluke okhuta."

Pokonzekera kumunda kuja ndinaona chodabwitsa. Babatoni inali itasintha mawu. Pansi pa duu uja pankamveka kaphokoso kena kokoma, tswe-tswe-tswe, ngati tizitsekerero ta mabotolo tomwe timakhomera pa kalimba. Ndinasangalala kwambiri. Ndinauza amayi akunyumba kuti chida chikakalamba chimakhwima ngati mowa wa masiku anayi. Iwo anangoti, "Kaya," osatukula maso pa nyemba zomwe ankasankha.

Tsiku la ukwati ndinalawira kumunda dzuwa litangotuluka. Poopa fumbi la mumsewu, ndinatseka dzenje la pamgolo lija ndi chitenje chakale, ndinachita kuchikanikiza ndi chala chachikulu kuti gwa. Kenako ndinaitana mnyamata wa njinga zonyamula anthu, zomwe muno mu Chipata zimanyamula chilichonse kuyambira mbuzi mpaka sofa. Tinaimanga ndi malegeni, mtengo wake utaloza kumwamba ngati mfuti ya ndege, ine ndili pa njinga ina kumbuyo. Tisanafike m'tauni mnyamatayo anaima.

"Madala, mkatimu mwaikamo chiyani? Chikuyendatu."

"Palasa iwe," ndinatero. "Ndi nyimbo imeneyo, yapsa."

Ndinaibisa kuseri kwa holo, pafupi ndi amayi ophika, n'kukakhala pampando wanga wa unkhoswe ngati munthu wopanda chiwembu.

Amene munali m'dziko muno chaka chimenecho mukukumbukira mmene chilala chinaphwetsera madzi ku Kariba, magetsi n'kumabwera usiku ngati mfiti. Tsikulo anali atatikomera mtima kuyambira m'mawa. Ana a laini-apu anavina, akwati analowa, nkhuku inadyedwa. Cha m'ma 2 koloko, kamtsikana konyamula mpeni wa keke kali pakati pa holo kakudula chiuno, zonse zinangoti zii. Jenereta inakhosomola katatu n'kumwalira. DJ anatsala akugwiragwira mawaya. Anthu 200 anakhala chete, ndipo kuchokera ku mbali ya akuchimuna kunamveka mawu akuti kodi kum'mawa kuno nyimbo zimathera pomwe magetsi athera?

Ndinaona mlongo wanga akubwera chowerama. Ananong'ona.

"Alongo, chinthu chanu chija mwabwera nacho?"

Abale anga, funso limeneli ndinalidikira zaka 49. Sindinayankhe msanga. Ndinayamba ndakonza tayi.

Anyamata awiri anailowetsa atanyamula ngati bokosi la maliro. A ku Mansa ataiona anaimirira n'kuwomba m'manja, mkulu wina mpaka anavula chipewa. Ndinaikhalira, ndinapukuta botolo ndi mpango, n'kumenya chingwe. Duu. Mawu anatuluka otsamwa pang'ono chifukwa cha chitenje chija, ndipo m'mutu mwanga munabwera nzeru yomwe ndinaiona ngati yochokera kumwamba: ndiimba ndime yoyamba chotsamwa chomwecho, ndipo ndikafika pa "tsegula" ndizula chitenje kuti mawu aphulike. Ngakhale oimba a ku Lusaka sakanaiganiza.

Ndime yoyamba inayenda bwino kuposa mmene ndaimbirapo moyo wanga wonse. Izi ndikufuna zilembedwe, chifukwa palibe amene amazikumbukira. Amayi anayamba kuwomba m'manja motsatira, nthungululu inalira, mkwatibwi anagwetsa msozi. Tswe-tswe uja anali pamwamba kuposa kale, moti ndinkachita kumva mgolo ukunjenjemera pansi panga. Ndinakoka mpweya, ndinakweza mutu, ndinati, "Tsegula, mwana'nga, tsegulaaa," n'kuzula chitenje ndi dzanja lamanzere, kuchiponya m'mwamba.

Alendo anatulukadi okhuta.

Woyamba anali mayi wawo, wonenepa ngati mbatata, ndipo anaima kaye padzenje n'kuyang'ana anthu ngati akufuna pokhala. Kenako ana ake, piringupiringu, wina pamsana pa mnzake. Ine ndinawerenga 11. Amayi akunyumba amati 14, ndipo poti iwo anali ataimirira pampando, mwina ankaona bwino. Anabalalika holo yonse. Wina analowera pansi pa tebulo la keke. Wina anakwera chovala cha mkwatibwi chokwekwerera pansi chija n'kuyamba ulendo wopita kumutu, atsikana operekeza akukuwa koma osamuthandiza. Abusa, munthu wodekha amene sindinamuonepo akuthamanga, anapezeka ali panja atagwira Baibulo pamutu.

Ine sindinasiye kuimba. Woimba weniweni sasiya. Chomwe chinandiimiritsa ndi kamodzi komwe kanaona mwendo wa buluku langa n'kuganiza kuti ndi una. Kanalowera kuphazi lamanja. Ndinadzambatuka, ndinaponda pansi, ndinatukula bondo mpaka pachifuwa, ndinadzimenya pantchafu, ndinazungulira, iko kakukwerabe. Amayi ena a kumbuyo, omwe sankaona zapansi, anayesa ndayamba ngoma ya Angoni ngati ya ku Mtenguleni pa Nc'wala, ndipo anabwera akuvina kudzandisupa. Munthu ndikumenyera nkhondo ulemu wanga, wina akundilowetsa K20 m'thumba la jekete n'kumati, "Pondani, atsibweni, pondani!" Kanatulukira pa lamba, kumbuyo, n'kudumphira m'beseni la mpunga.

Koma zomwe zinatimaliza si mbewazo ayi. Ndi anthu akwathu. Ana a laini-apu, omwe tinawavalika masuti obwereka ndi kuwaphunzitsa ulemu milungu itatu, anataya majekete n'kuyamba uzimba. Wina anatseka kukhomo, wina anagwira tsache, wina akulamula anzake ngati ali kumunda mwezi wa Julaye. Luso lomwe anaonetsa pamenepo silikanabisika. A ku Mansa anali atagwa pansi ndi phwete, mayi wina akungobwereza kuti, "Imbeba, mukwai! Imbeba!" uku akupukuta misozi ndi duku.

Woyendetsa mwambo anali wa mbali yawo, wodziwa Chinyanja cha ku Lusaka. Anakwera pampando, popeza maikolofoni inali itafa, n'kukuwa kuti: "Ife tinapempha ankhoswe, koma atitumizira makoswe!"

Holo inagwedezeka. Ndinaganiza kuti pamenepa ndiye pansi penipeni, munthu sangapitirire apa. Ndinaiwala kuti atsibweni anga analipo, nkhalamba ya zaka zoposa 80, yosamva khutu limodzi, yomwe sinalolepo bodza kudutsa pamaso pake. Anaimirira pang'onopang'ono ndi ndodo yawo, atagwira kamodzi kumchira, n'kukayang'anitsitsa pawindo pomwe panali kuwala.

"Mwanawe, usanyoze," anatero mokweza. "Khoswe ndi wa m'nyumba, sadyedwa. Uyu ndi kapuku. Wadya nshawa uyu, taonani mafuta. Ameneyu ndi ndiwo."

Anakaika m'thumba la jekete.

Ndinayesa kubweza. Ndinati ife ndiwo zathu timabwera nazo tokha paukwati, osati enawa omwe ndiwo zawo zimafuna makwerero. Anaseka ndithu, koma mlandu unali utandigwera kale. Azakhali a mkwati anayala chitenje pansi, anandikhazikapo, anandipaka paudala kumaso mpaka ndinafanana ndi atate tsiku la mabuleki lija, n'kugamula kuti ndilipe chifukwa chobisa ndiwo kwa alendo kuyambira m'mawa. Pa kuvina kwanga kuja ndinali nditasupidwa K340, ndalama yoyamba yomwe nyimbo zinandipatsapo chibadwire. Anandisiyira K40 ya njinga yobwerera.

Magetsi anabwera cha m'ma 5 koloko, koma palibe anasamala za DJ. Pofika Lamlungu kanema anali pa WhatsApp ya aliyense, ndipo mdzukulu wanga wa ku Kitwe anandiimbira kufunsa ngati ndine ndavina pa Facebook. Pamsika wa Kapata amayi ogulitsa tomato akandiona amayamba okha kuti "tsegula, tsegula." Kutchalitchi mkulu wa kwaya anandigwira dzanja nthawi yaitali, osanena kanthu, mapewa akugwedezeka.

Lolemba ndinapita kumunda kukachotsa chikumba. Mumgolo munatuluka makoko a nshawa odzaza beseni, nsanza, ndi theka la kabuku kanga ka nyimbo komwe ndinkati anaba ndi ana. Thumba la chalimbana, lokhalo lomwe chilala chinatisiyira, linali ndi chibowo kunsi. Amayi akunyumba anayang'ana thumba, anayang'ana ine, n'kunena kuti chida chakhwimadi.

Ndinatsuka mgolo, ndinakutanso chikumba, ndinakoka chingwe. Duu. Mawu oyera, aukhondo, opanda mchere. Ndinaimenya mlungu wathunthu osamva kukoma. Loweruka linalo ndinatapa makoko manja awiri n'kuwabwezera mkati mwakachetechete, ndipo tswe-tswe anabwerera, ngakhale safika pa uja wa eni ake.

Amayi akunyumba atamva kaphokosoko sanakhulupirire zoti ndi makoko chabe. Anakapempha mphaka kwa aneba n'kukamusiya kumunda. Mphakayo anaikonda babatoni, amagona pachikumba pomwe usana wonse, ndipo ngakhale ndimenye chingwe sasuntha. Amadikira nditsegule pakamwa. Ndikangoti "tsegu," amadzuka, amadziwongola, n'kupita kukakhala kuseri kwa nkhokwe mpaka nditamaliza.